Muyeso wa Mfuti ya a Zuze

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha batire lakufa. Ndinali nditatha chaka ndikungokhala pakhomo nditalemba mayeso a Fomu 4, ndipo amalume, omwe ankayendetsa thiraki ya ku Tete, anandituma kukasiya batirelo kwa Che Bwanali pa boma. Ndinawapeza akulimbana ndi timanambala ta pa vaniya, chida choyezera kunenepa kwa zitsulo, maso atayamba kuwakana. Ndinawawerengera. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mawa ubwere ndi malaya oti sudzawalira."

Tinkaika mitu yatsopano pa mabatire a mathiraki odikira pa malire. Tinkachotsa mtovu m'mabatire akufa, kuusungunula m'kapoto kachitsulo pa mbaula, kuchotsa zoyandama pamwamba, kenako kuuthira m'chikombole. Chikombolecho chinkayenera kuuma gwa, chifukwa dontho limodzi la madzi linkathethetsera mtovu kumaso. Patatha miyezi inayi ndinayamba kudzimva, poti vaniya inkandimvera kuposa mwini wake.

Lachisanu lina masana, Che Bwanali ali ku mzikiti, kunabwera bambo wina wa imvi akukankha njinga. Anati ndi a Zuze a kwa Kanduku. Anayang'ana uku ndi uku, n'kumasula kathumba ka feteleza. Munali mfuti yam'manja, yakuda, yolemera, yokhala ndi gudumu la mabowo asanu ndi limodzi. Anati agogo awo anabwera nayo kuchokera ku nkhondo ya azungu.

"Afisi andithera mbuzi, mwana wanga," anatero. "Timakoko tamkuwa ndili nato, wonga akandiikira munthu wina wa ku Zobue, kutsidya kwa malire. Iwe ungondiumbira mitu yake, yofanana ndi uwu." Anaika patebulo chipolopolo chimodzi chachitsanzo.

Mfutiyo sindinaikhudze, ndinkaiopa. Ndinadziwanso kuti ntchito imeneyi ndi yolowetsa m'ndende. Koma bamboyo anati anamva kuti pa boma ponse palibe woyeza ngati ine, ndipo uchitsiru wanga unakwera m'mutu. Ndinayeza chitsanzocho katatu, kupanga chikombole monga tinkachitira ndi mitu ya batire, n'kuumba zipolopolo zisanu ndi chimodzi. Ndinazisalaza ndi fayilo n'kuzindandalika patebulo, zikunyezimira.

Che Bwanali atalowa sanapereke moni. Anatola chipolopolo chimodzi n'kuchiyesa pakamwa pa bowo la gudumu. Chinangokhala pamwamba ngati dzira pa botolo.

"Wayeza chiyani?" anandifunsa.

"Chitsanzo."

"Nanga chikaombe ndi chitsanzo?"

Atawafunsa a Zuze, kunapezeka kuti chitsanzocho anachitola m'munda kutsidya kwa malire, chotsala cha nkhondo ya ku Mozambique. Chinali cha mfuti ina. Che Bwanali anaonetsetsa kuti m'gudumu mulibe kanthu, n'kumanga mfutiyo pa vaisi, chopanira zitsulo. Anapaka oyilo kachidutswa ka mtovu wofewa n'kukakhomera pang'onopang'ono m'paipi ya mfutiyo ndi kamtengo mpaka kanatulukira mbali ina, kali ndi mizere ya m'katimo. Anandipatsa vaniya kuti ndiyeze. Paipiyo inali yocheperapo ndi pafupifupi theka la milimita poyerekeza ndi zipolopolo zanga.

Anandiuza motsitsa mawu kuti mfuti zakale sizifanana ngakhale zitabadwa tsiku limodzi. Chipolopolo chikachepa chimasochera, chikakula chimakanirira, ndipo chitsulo chotopa ngati chimenecho chimang'ambikira m'manja mwa woomba. Ndinayang'ana dzanja la a Zuze lili phee patebulo.

Kenako anatembenukira kwa mlendoyo. "Bambo, kamfuti aka n'koombera pafupi, ngati mukupatsana moni. Fisi wanji amene angakudikireni choncho?"

"Amabwera masana, pa njinga," anatero a Zuze. "Ndinamulera ndekha mayi ake atamwalira."

Ankanena za mwana wa mlongo wawo. Panalibe ukali m'mawu awo, ndipo n'chimene chinandiopsa kwambiri.

Che Bwanali anati pano sipatuluka chipolopolo, mfuti akaipereke ku polisi, nkhani ya mbuzi akaitule kwa akubanja. A Zuze anakulunga mfuti yawo n'kutuluka osatsanzika. Ine ndinasesera zipolopolo m'dzanja kuti ndizibwezere m'kapoto. Zinali zisanu.

"Njinga yanga ndi iyo," anatero Che Bwanali. "Chatuluka m'manja mwako."

Ndinawapeza pa chitunda china panjira ya kwa Kanduku, akukankha njinga yawo dzuwa litapendeka. Ndinagwada pafumbi pomwepo. Ndinati, "Bambo, chimene mwatengacho n'chachikulu, chikudulani dzanja, mwina kukuphani. Chonde bwezani."

Anachitulutsa m'thumba la malaya n'kuchigubuduza pakati pa zala. "Ndinangofuna wa ku Zobue akachitenge ngati chitsanzo. Iwe ukuti n'chachikulu. Chabwino. Ndiuze nambala imene unawerenga ija, wa ku Zobue akandiumbira chokwana."

Nambalayo inali pa lilime langa. Apa m'pamene ndinaona msampha umene ndinadzitchera. Muyeso wolakwika ukanapha iwo, muyeso wolondola ukanapha mphwawo.

"Sindikuuzani, bambo."

"Waiwala?"

"Ayi, ndikuikumbuka. Koma sindikuuzani."

Anandiyang'anitsitsa, ine maso ali pa kathumba ka mfuti kaja pa kaliyala. Kenako anaponya chipolopolocho pamapazi anga n'kupitiriza kukwera chitunda, mfuti ali nayo.

Kwa miyezi ingapo, ndikamva kuti kwa Kanduku kwagwa maliro, ndinkathamangira kukafunsa kuti wamwalira ndani ndipo wafa bwanji. Za a Zuze ndi mphwawo sindinamvenso, ndipo sindinganame kuti ndikudziwa mmene zinathera.

Lero ndili ndi malo anga owotcherera zitsulo. Munthu akabwera ndi chitsanzo chokha, ndimamuuza kuti akatenge chinthu chenichenicho, ndipo ndisanatsegule vaniya ndimafunsa kuti chikagwira ntchito yanji. Ena amakwiya n'kupita kwina. Nambala ija ndikuikumbukabe, ndipo nkhaniyi ndailemba yonse kupatula iyo.