Dazi la Tayala

Ndikukumbukira kapikapu koyera ka bambo anga, kamene ankanyamulira kachewere kuchoka kumudzi kwathu, kuseri kwa Mayani, kupita naye kumsika. Kanali kokalamba, chitseko chake tinkachita kumanga ndi chingwe, koma matayala ake ankasamalidwa ngati ana. Loweruka lililonse bambo ankagwada n'kumakolokosa timiyala m'mizere ya matayala ndi msomali. Pakapita miyezi ankasintha akutsogolo kuika kumbuyo, amvekere, “Ngakhale munda umafuna kasinthasintha.” Chida chawo chachikulu chinali kamtengo ka machesi. Akalowetsa mutu wake mumzere n'kubisika, tayalalo linali lamoyo. Ukaonekera, ankapukusa mutu n'kunena kuti lachita dazi.

Chaka chimene ndinasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, ndinalengeza mudzi wonse kuti ine ndikafika pagalimoto ya kwathu. Ndinali nditakonza kale katsikidwe kanga pamaso pa atsikana a m'tauni. Tsiku laulendo kunacha ndi chifunga, mvula itavumba sabata yonse, msewu uli tereretere. Ine ndinali nditakhala kale kutsogolo, ndikununkhira sopo watsopano, pamene bambo anazungulira galimoto ndi machesi awo. Pa tayala lakumbuyo anakhalitsa.

“Tsika, mwanawe. Iyi sipita.”

“Abambo, dzana lomweli munapita nayo ku Chimbiya.”

“Ndamva. Tsika.”

Ndinalira mokweza, mpaka azakhali anatuluka m'nyumba mwawo kuganiza kuti kwagwa zovuta. Bambo anapempha amayi nsalu, n'kupinda nkhata, n'kusenza thiranki yanga pamutu. Kwathu mwamuna amanyamula paphewa, ndipo mwini galimoto sanyamula n'komwe. Azimayi amene ankapalira m'mbali mwa njira anaweramuka n'kumationerera, wina n'kufuula, “Kodi galimoto yadwala, achimwene?” Bambo anangoseka. Ine ndinkatsalira dala m'mbuyo kuti anthu asatione pamodzi, nsapato zanga zatsopano zitalemera ndi matope.

Pasiteji manyazi anawonjezeka. Minibasi itaima, bambo anatula thiranki n'kugwada pa tayala, anthu onse ali maso. Kondakitala anati, “Madala, mukukwera kapena mukupemphera?” Minibasi imeneyo bambo anaikana. Tinakwera yachiwiri, ndipo kusukulu ndinafika madzulo, popanda ndi mmodzi yemwe wondicheukira.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndinachimva patchuthi. Mng'ono wanga anandiuza kuti m'mawa mwake bambo anapakira kachewere m'galimoto yomweyo, pa tayala lomwelo, n'kutsetsereka nayo mpaka ku Linthipe. Ndinasunga mkwiyo zaka zambiri. Mumtima ndinkati kachewere ndiye wofunika, ine ayi.

Ndinadzaitulutsa nkhaniyi ndili mayi kale, bambo atatisiya. Tinkasenda nyemba pakhonde ndi amayi, ndipo ndinainena moseka, koma iwo sanaseke. Anati madzulo a tsiku limenelo bambo anabwera khosi litauma, moti anachita kuwathowa ndi madzi otentha. Amayi anawakalipira kuti achititsa mwana manyazi pachabe, pomwe mawa lake adzayendetsa galimoto yomweyo.

“Ndiye anati chiyani?”

“Anati, ‘Kachewere akagubuduzika m'phompho tidzatola. Ineyo ndakula kale. Koma uyu nditola chiyani?’”

Masiku ano msewu wakwathu uli ndi magalimoto ambiri, ndipo matayala akale ochokera kunja amagulitsidwa paliponse. Anthu amangomenya tayala ndi phazi, likalimba basi ulendo. Ana athu timawakweza pa kabaza wa njinga yamoto osayang'ana n'komwe kuti pansipo pali chiyani, ine ndemwe ndimatero ndikachedwa kuntchito. Ndimamva chisoni ndikaganiza kuti munthu amene anandikonda chotero ndinamusiya ayende yekha kutsogolo, ine ndikubisala m'mbuyo.