Chinkhono cha a Ron chinkadya kuwala

Ndikukumbukira Middlesbrough, tauni ya ku England, chaka chimene ndinafika kuchokera ku Zomba, ndili mtsikana wa zaka khumi. Amayi anali nesi pachipatala, ankagwira mashifiti aatali, ndipo abambo anali atatsala kumudzi. Kusukulu anzanga ankangoseka kalankhulidwe kanga, mpaka ndinasiya kukweza dzanja m'kalasi. Ndikaweruka ndinkadzitsekulira ndekha nyumba yozizira, yonunkha kapeti wonyowa, n'kukhala duu ndi jekete yomwe.

Kukhomo loyandikana ndi lathu kunkakhala a Ron, nkhalamba yomwe inapuma ntchito kufakitale ya zitsulo, akazi awo atamwalira kalekale. Tsiku lina anandipeza pakhonde mvula ikuwaza, nditaiwala kiyi, n'kundiitanira kwawo. Pabalaza pawo panali thanki yagalasi yodzaza madzi amchere, nyali zake zowala mothobwa m'maso. Pamchenga wa pansi panali chinthu chimene iwo ankati kilamu, chinkhono cha m'nyanja cha zigoba ziwiri, chachikulu pafupifupi ngati mutu wanga. Mnofu wake unkatambasukira kunja, wobiriwira, wamadontho agolide ngati chitenje chosachapapo.

Chingerezi cha a Ron ndinkachimva theka, choncho ankandiphunzitsa ndi manja. Kuti udziwe ngati chinkhono chili bwino, umadutsitsa dzanja pamwamba pa madzi. Mthunzi ukachigwera, chathanzi chimadzidzimuka n'kudzitsekera. Umayang'ananso ngati mtundu wake sunasuluke, ngati sichikuyasama mopitirira, ndiponso ngati kunsi kwa chigoba kulibe tinkhono toyera tonga mpunga timene timachiyamwa. Ine ndinakonda za dzanjazo. M'tauni yonseyo, ndi chinkhonocho chimene chinkazindikira kuti ndafika.

Kenako a Ron anagonekedwa m'chipatala kukachitidwa opaleshoni ya m'chiuno. Anandisiyira kiyi ndi ntchito ziwiri basi: kuwaza chakudya cha tinsomba ta m'thankimo ndi kuwonjezera madzi mpaka pamzere wa pagalasi. Nyali zija zinali ndi kawotchi kake, zinkadziyatsa ndi kudzizimitsa zokha, koma sanaganize zondiuza.

Tsiku loyamba ndinalowa dzuwa lili pamutu, ngati lija la ku England n'kulitchanso dzuwa, n'kupeza nyali zili ngwee m'nyumba mopanda munthu. Aa! Kwathu kusiya getsi likuyaka masana unali mlandu wa khofi, osafunsa n'komwe. Ndinati agogowa aiwala chifukwa cha ululu. Ndinazula pulagi ya nyalizo, n'kutseka makatani monga timachitira mwini nyumba akachokapo, ndipo ndinatuluka ndikudzitama kuti ndine mwana woleredwa bwino.

Sabata yoyamba chinkhono chinatambasuka kuposa kale, ine n'kumati chikunenepa m'manja mwanga. Sabata yachiwiri mtundu unayamba kutuwa. Amayi akafuna kudziwa ngati ndili bwino ankandikoka chikope n'kusuzumira, ndiye nanenso ndinagamula kuti magazi achepa. Ndinaunika ndi tochi kunsi kwa chigoba, tinkhono toyera tija panalibe. Nanga nditani? Ndinachita zimene ndinkaona akulu akuchitira wodwala. Ndinafunditsa thanki yonse chitenje cha amayi kuti chisamve kuzizira, n'kumakhala pambali pake, chifukwa wodwala sasiyidwa yekha. Ndinkachiimbira nyimbo za ku Sande sukulu chapansipansi, pampu ya madzi ikundiyankha.

Sindinauze munthu. Amayi ankafika mapazi atatupa, n'kugona tulo pampando asanavule nsapato, ndipo ine ndinkaopa kuwasenzetsa wodwala wina. Ndinkaopanso a Ron. Ndinkadziwa kuti chinkhonocho chikafa, khomo lija landitsekekera.

Sabata yachitatu ndinadutsitsa dzanja kutsogolo kwa tochi, chinkhono n'kungosuntha pang'ono ngati chachita ulesi. Ndinalira ngati ndamenyedwa. Lamlungu amayi anali pa ofu, ndiye ndinawakokera kwa a Ron. Anavundukula chitenje chawo, n'kuwerama monga amachitira m'wodi.

"Chinayamba liti? Iwe wasinthapo chiyani?"

"Palibe, amayi. Ndinangozimitsa magetsi amene anaiwala."

"Apo unachita bwino," anatero amayi. "Tiye tikawafunse eni ake."

Tinakwera basi titanyamula nthochi, poti kwa wodwala sapita chimanjamanja. A Ron tinawapeza atawonda, opaleshoni itawavuta. Ndinafotokoza zonse m'Chingerezi changa chopunduka: kutuwa, ulesi, tinkhono tomwe panalibe. Anagwedeza mutu kuti ndayang'ana moyenera, kenako anafunsa funso limodzi.

"Nyali zikuyaka?"

Ndinayang'ana amayi, amayi n'kuyang'ana nthochi.

A Ron anafotokoza pang'onopang'ono, amayi akundimasulira. M'mnofu wa chinkhonocho mumakhala tizomera tosaoneka ndi maso, timene timachipangira chakudya kuchokera ku kuwala. Chinkhonocho chinkadya kuwala. Ine ndinali nditachimana chakudya sabata zitatu, kwinaku ndikuchiimbira nyimbo. Sanandikalipire. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Wolakwa ndine, mwanawe, sindinakuuze." Bola akanandikalipira, chifukwa mawu amenewo anandipweteka kuposa chikwapu.

Nyali tinaziyatsa tsiku lomwelo, koma madzi akatayika saoleka. Patapita masiku awiri ndinachipeza chitayasama, mnofu utabwerera m'kati. Ndinadutsitsa dzanja kasanu, mwina kakhumi, osasuntha. Amayi ndi amene anachitulutsa m'madzi, atavala magolovesi a kuntchito. A Ron nawo sanabwererenso m'nyumba ija. Mwana wawo anawatengera ku Leeds, ndipo ndinaonera pawindo amuna awiri akukweza thanki yopanda madzi m'galimoto.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mwana amangojambula chinthu ndi foni, yankho n'kubwera tiyi asanazizire. Amalawi tachulukanso kuno, moti mwana wanga sangaweruke kusukulu azakhali atatu osadziwa kumene ali, ndipo iye amadandaula kuti timamupanikiza. Ndimangomusiya adandaule. Langa lija linali funso laling'ono zedi, lakuti nyali ziyake kapena zizime, ndipo mumsewu wonsewo, kwa sabata zitatu, ndinalibe woti ndimufunse.