Dzino Lophunzitsira Chingerezi

Aneba anga, mkulu wobadwira ku Malawi, amaphunzitsa Chingerezi anyamata a kabaza kuno ku Milanje, tsidya lino la malire, komwe chilankhulo cha boma ndi Chipwitikizi. Phunziro lawo lalikulu ndi liwu lija la "th", lofuna kuti lilime ligunde mano akutsogolo. "Lilime padzino, mphwanga, kenako uzira mpweya!" amatero tsiku lililonse. Koma iwowo kutsogolo kunali kutawatsalira dzino limodzi lokha, lobooka, logwedera.

Ine sindibisa mawu. Ndinawauza kuti, "Achimwene, kazulitseni limenelo, likukuzunzani."

"Ndizulitse khasu langa? Ndidya chiyani?"

Sabata yatha akudya nzimbe pamaso pa ophunzira, dzinolo linatsalira munzimbemo. Analiyang'anitsitsa, n'kuliponya m'thumba la malaya.

"Anyamata," anatero, "Chingerezi chathera pano. Mawa tiyamba Chipwitikizi."

Kunena zoona, Chipwitikizicho anyamatawo amachidziwa kuposa iwo.