Chilimwe Chimene Njinga ya Atate Inatsika Kudenga

Fungo la njereza yonyowa likandipeza ngakhale lero, kaya ndi pamsika ku Ulongwe, kaya pakhomo pa munthu amene akukonzekera ukwati, ine ndimaima kaye. Limandibweza ku Fonte Boa, chilimwe chimene amishoni anapaka njereza chilichonse choima: makoma a sikola, matsinde a bulugamu, ngakhale miyala ya m'mbali mwa njira. Dzuwa linkawamba, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuchita kuwawa, utsi wa mapesi otenthedwa m'minda uli tayale pamwamba pa zitunda. Ine ndinali kamnyamata ka miyendo yotuwa, koma ka mawu aakulu kuposa thupi. Dzina langa ndine Berenado, ngakhale dera lonse linkanditcha Lipenga, chifukwa ndikaitana ng'ombe zathu kudambo, za mudzi wina nazo zinkadzutsa mitu. Sindikudzitama ayi. Funsani aliyense wotsala wa masiku amenewo.

Njerezayo inali ya festa, ndiye kuti chikondwerero. Padiri analengeza Misa itatha kuti kwawo ku Portugal kunali munthu wolemba mabuku a nthano zitalizitali, amene anafa kalekale, ndipo chaka chimenecho zinali zitakwana zaka zana chibadwire. Anati timukumbukira chilimwe chonse. Tsono ife chikumbutso tinkachidziwa: mumalambula manda, mumafulula mowa, abale amasonkhana. Amalume anga a Sitefano, munthu wosasunga funso m'kamwa, anafunsa kuti manda ake ali kuti. Anawauza kuti kutsidya kwa nyanja yamchere. Anafunsa ngati abale ake abwera, akuti ayi. Anafunsa kuti anasiya ng'ombe zingati, padiri anangoseka, nati munthuyo ntchito yake inali kukhala pampando n'kumalemba za anthu amene sanakhaleko.

"Ndiye mukuti tipake njereza chifukwa cha mkulu wa mabodza?" anatero amalume, anthu n'kugwa nazo nseko.

Koma chithunzi chake chitafika, nseko zinachepa. Anachipachika pakhonde la sikola, chili m'galasi. Anali mwamuna wa ndevu zapamlomo zopiringizika, wa maso onga a munthu amene wangochokera kumaliro. Ukapita kumanja amakuyang'ana, ukapita kumanzere amakuyang'anabe. Amayi akamadutsa ndi mitolo ya nkhuni ankapinda mawondo pang'ono, poti munthu sudziwa.

Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, a pulofesolo Matiyasi, aphunzitsi athu, ankakhala pansi pa bulugamu ndi buku la munthuyo, buku lonenepa ngati njerwa. Ankawerenga pang'ono m'Chipwitikizi, kenako n'kutseka buku ndi chala m'kati, n'kutifotokozera m'Chinyanja. Inali nkhani ya mkazi wa kumudzi wina wa miyala, kumene nyengo yozizira chisanu chimagwa choyera ngati ufa n'kukwirira madenga. Mwamuna wake anakwera sitima ya pamadzi kukafuna ntchito, nasiya nsapato zake zachikopa zofika m'mawondo. Loweruka lililonse mkaziyo ankazipaka mafuta a nkhumba n'kuziimika pakhomo, zala zitaloza m'nyumba. Poyamba tinkamvera ndife ana tokha. Posakhalitsa kunkadzaza midzi yathunthu, ena kuchokera ku Domwe panjinga, makasu a mizere atawasiya m'minda. Munthu ukanaponya singano ukanaimva ikugwa, kungoti ife singano tinalibe zotaya.

Tsono mundimvetse bwino apa. Atate anga, a Fabiyano, anapita ku Joni kumigodi ine ndisanagweruke mano. Poyamba ankatumiza mabulangete ndi nsalu, kenako kunangoti zii. Patapita nthawi kunabwera munthu wina wa ku Domwe amene anati mgodi unagumuka, ndipo anatipatsa chipewa cha atate chokha. Abale a atate pamodzi ndi amalume anafuna kuti tilire maliro, timete, nkhani ithe. Amayi anga, a Nangozo, anakana. Anati iwo sanakwatiwe ndi chipewa. Choncho anakhala zaka, osati mkazi wa munthu, osati wamasiye, kumalima okha mizere imene amuna awiri akanalefuka nayo.

Atate anasiya njinga yakuda. Inkalendewera kudenga m'nyumba mwathu, yomangidwa ndi luzi kumtanda, matayala osakhudza pansi. Loweruka lililonse amayi ankavundikira mtondo, n'kukwerapo, n'kumapaka tcheni mafuta a nsatsi ndi nthenga ya nkhuku. Akatha ankazunguza gudumu lakumbuyo, tonse n'kumamvera likuti tiki-tiki-tiki mpaka litaima lokha. Amalume anaipempha kangapo kuti azinyamulira mbatata kumsika, koma yankho linali limodzi: mwini wake akaipeza yatha, muyankha ndinu? Ndiye a pulofesolo atafika pa za nsapato zija, ine ndinakumbukira njinga yathu. Ndinatembenuka kuyang'ana amayi, amene ankakhala kumbuyo kwenikweni, manja ali pachifuwa. Ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti mzungu wa m'galasi uja anafikapo kwathu, anasuzumira pazenera. Ndinkamuopa, ndipo ndinkafuna kumuona tsiku lililonse.

Tsiku lalikulu la festa kunayenera kukhala sewero la nkhaniyo, ndipo a pulofesolo anasiya dala kuwerenga mathero kuti anthu adzawaone pamenepo. Osewera anali ana a kalasi yachinayi, odziwa Chipwitikizi. Ine ndinali ndikubwerezabe kalasi yoyamba. Zilembo zinkandithawa ngati nyerere, ndipo kunena zoona mpaka lero sitigwirizana kwenikweni. Koma khamu lonse lija Chipwitikizi silinkachimva, choncho pankafunika munthu woima pamgolo, woti chigawo chilichonse chikatha afuule m'Chinyanja zimene zachitika. A pulofesolo sanafunefune. Anangoti, "Kamuitaneni Lipenga." Ndinayenda sabata imeneyo ngati mudzi wonse ndaugula.

Chimwemwe chinathera pokonzekera, m'kalasi yonunkha choko ndi thukuta, pamene ndinamva mathero. Kumabwera mmalinyero wosauka, wopanda nsapato, n'kuuza mkazi uja kuti mwamuna wake anafa ndi malungo kalekale, ndipo anamuika iyeyo ndi manja ake. Mkaziyo salira. Amatenga nsapato zija n'kumupatsa mmalinyeroyo, chifukwa mapazi ake anali ong'ambika. Mawu anga otsiriza anali akuti: mwamuna wake anafa, sadzabweranso. Ndinapempha a pulofesolo kuti tisinthe pang'ono pokha, kuti munthuyo abwere ngakhale wolumala. Anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali, poti za kwathu ankazidziwa. Anati nkhaniyo ili ndi mwini wake, ndipo mwini wake anagona, sitingakamufunse. Anati ngati sindingathe, apeza wina. Ine kumusiyira wina mgolo wanga? Ndinati nditha.

Amayi a pachitsime ananunkhiza kuti ndikudziwa kanthu. A Nachisale, mayi wonenepa wofulula mowa amene pakamwa pake pankaopedwa ndi amuna omwe, anandigwira dzanja tsiku lina ndikumwetsa ng'ombe. Nkhope yanga inaulula zonse.

"Iwe Lipenga, khosi lonseli anakupatsa Mulungu kuti uzitiliza nalo? Anawo akalankhule Chipwitikizi chawo. Ife timva iwe. Ukangoti wabwera, ndiye kuti wabwera."

Mawu amenewo anandilowa. Ndinaganiza n'kupeza njira yake: mmalinyero akamatuluka ndi nsapato, ndidzafuula kuti mwamuna wafika padoko, watuma munthu kuti adzamutengere nsapato zake. Ndani akanatsutsa? A pulofesolo akanandikwapula, padiri akanandikoka khutu, koma amayi akanapita kunyumba ndi nkhope yowala, ndipo Loweruka gudumu likanaliranso. Ndinazindikira kuti anthu onse aja, ndi mzungu wakufa yemwe, ali m'kamwa mwanga. Ndinkayenda mosamala ngati ndasenza mtsuko wodzaza.

Tsikulo linafika ndi kutentha kwa mvula yoyandikira. Mitambo yakuda inaunjikana kumbali ya Domwe, mphepo osawomba n'komwe. Anthu anadzaza bwalo la sikola mpaka anyamata kukwera m'mitengo, zovala zawo zitayera ndi njereza ya pamatsinde. Kunabwera galimoto ya akuluakulu a boma kuchokera ku Vila, imene lero timati Ulongwe. Chithunzi chija anachinyamula anyamata awiri pandawala, atachiveka maluwa ofiira. Madoda anavina ngoma, zishango zikugunda, mapazi akuponda mpaka nthaka kunjenjemera pansi pa mgolo wanga. Ndipo amalume, omwe aja a mkulu wa mabodza, ndinawaona ndi maso angawa akuthira mowa pang'ono pansi pa chithunzicho, akung'ung'udza kuti munthu sakumbukiridwa kukhosi kouma.

Sewero linayamba. Mkazi uja anali Rozina, mtsikana wamtali wa kalasi yachinayi, atafunda shawelo yakuda. Nsapato zinali za padiri. Chigawo chikatha ine ndinkakoka mpweya n'kuponya mawu, ndipo ankakagunda khoma la tchalitchi n'kubwerera. Ndikati sitima yanyamuka, azimayi ankagwira pakamwa. Ndikati chisanu chagwa ndipo nkhuni zamuthera, anthu ankadzikumbatira m'dzuwa loswa mtengo lija. Sindinaonepo chinthu chotere, ndipo ndakalamba ndisanachionenso.

Kenako mmalinyero analowa, akutsimphina. Analankhula. Rozina anaima chilili, osagwedezeka, kwa nthawi imene inaoneka ngati chaka. Anawerama, natola nsapato, nazipukuta kamodzi ndi shawelo, n'kumupatsa ndi manja awiri. Mnyamatayo anatuluka nazo. Mitu yonse ya pabwalopo inatembenukira kwa ine. A Nachisale anandikwezera nsidze. Bodza langa linali lokonzeka palilime, losalala bwino.

Ndinayang'ana kumbuyo kumene kunali amayi. Iwo sankayang'ana ine ayi, ankayang'ana pamalo pamene panali nsapato paja. Ndinawaona akukweza manja pang'onopang'ono, akumasula mpango wakumutu, n'kuupinda pamiyendo. Chibadwire changa ndinali ndisanawaonepo mutu uli pamtunda pagulu. Kenako anadzutsa maso n'kundiyang'ana, monga ankachitira akandituma ine n'kumazengereza.

"Mwamuna wake anafa," ndinatero. "Sadzabweranso."

Anthu amati mawu amenewo anamveka mpaka kumadimba. Ine ndinkaona ngati ndanong'ona. Kenako mayi wina anayamba kulira maliro enieni, wina n'kulandira, mpaka akuluakulu a ku Vila kuyamba kuyang'anana, osadziwa ngati aombe m'manja. A Nachisale ankalira kuposa onse, uku akundiloza ndi chala, akuti mwana woipa mtima ngati uyu sanamuonepo.

Pobwerera amayi anayenda patsogolo, mpango uli m'manja. Ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji ine ndisananene, pakuti Chipwitikizi sankachimva.

"Mwamunayo akanakhala moyo, mkaziyo akanathamanga nazo yekha nsapatozo," anatero, osacheuka.

Titafika dzuwa linali likadalipo. Anandituma kukaitana amalume. Atabwera, amayi anavundikira mtondo, nakwerapo, koma nthenga sanatenge. Anatenga mpeni. Luzi linali litauma moti linaduka ndi phokoso, ndipo amalume analandira njinga ija m'manja ngati akulandira mwana. Matayala atagunda pansi fumbi linabuka, fungo la nsatsi n'kudzaza nyumba.

"Achimwene, mukaipope. Mawa mupite ku Domwe, mukawauze abale a amuna anga kuti abwere. Tilire."

Amalume, munthu wa mafunso uja, sanafunse kanthu. M'mawa mwake ndinaima pachulu n'kumawaona akutsetsereka nayo njira ya ku Domwe, akugwedera poti anali ataiwala kupalasa. Abale anabwera, tinalira a Fabiyano, chipewa chili pamphasa. Tinameta tonse, ndipo mvula yoyamba inatigwera pamipala tikubzala chimanga. Njereza ya pamatsinde inasungunuka n'kutsikira m'nthaka. Chithunzi chija anachichotsa pakhonde, sindidziwa kumene chinapita.

Sikola ndinaisiya chaka chotsatira. Buku lija sindinaliwerengepo, ndipo dzina la mwini wake lilime langa silinaligwire bwino ngakhale nthawi imeneyo. Koma njinga ija inandilera: ndagulitsa nayo mbatata ndi nyemba mpaka kumalire, ndipo khosi lomweli lalengeza maliro ndi maukwati a dera lino mpaka mano kutha.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti njinga ija anaitsitsa ndi mawu anga, ndipo ndinkauza aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe. Ndinkakhulupiriranso kuti mzungu uja anali mfiti yoona kutali. Tsopano ndaika m'manda anthu ambiri, ndipo ndikuona kuti amayi ankadziwa kuyambira tsiku la chipewa lija. Chimene analibe chinali munthu woti ayambe iye, iwo aonere. Abale onse ankawauza kuti aleke kudikira, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakhalapo pansi n'kudikira nawo. Amene anachita zimenezo ndi mkazi wa m'buku uja, amene sanabadwe, wopangidwa ndi munthu amene dera lathu la Angoniya sankalidziwa n'komwe. Anadikira nawo chilimwe chonse pansi pa bulugamu, ndipo iye atatola nsapato, amayi nawo anatola mpeni. Ine ndinangofuula zimene awiriwo anali atagwirizana kale.