Boti Lowala la a Zuze

Ndikangomva fungo la phula lotentha, ngakhale pamene akukonza msewu, m'maso mwanga mumabwera agogo anga a Alufandika atagwada pambali pa mwadiya wawo, bwato lija losema la mtengo wa mtondo, akumata ming'alu ndi nsanza zoviika m'chitini cha phula, utsi wakuda ukuwalowa m'maso koma iwo osaphethira. Tinkakhala kufupi ndi Chiromo, m'mphepete mwa dambo lalikulu la Shire, ine, amayi ndi agogowo. Bambo anga, mwana wawo yekhayo wamwamuna, anapita ku Blantyre kukafuna ntchito ndili kumbuyo, ndipo sanatumizepo ngakhale sopo.

Kuseri kwa mpanda wathu wa bango kunali a Zuze. Awiriwa anayamba kuwedza limodzi amayi anga asanabadwe. A Zuze ankakhala kutsogolo, kuvuula miono ndi kutchera abakha a m'madzi, agogo kumbuyo ndi nkhafi, poti kumbuyo ndi kwa mwini bwato. Akafika padooko ankaunjika nsomba milu itatu: wina wa a Zuze, wina wa agogo, wachitatu wa bwato. Mulu wa bwatowo unkabwera kwathu. Palibe ankadandaula, ndi mmene asodzi akwathu amagawira.

Ndili ndi zaka khumi, Bizeki, mwana wa a Zuze wa ku Joni, anaimba foni. Anati bambo ake asiye kukwera chipika, iye walankhula ndi owotcherera zitsulo ku Blantyre awapangire boti la aluminiyamu, chitsulo chopepuka chija cha mapoto. Chofunika kunali kutumiza muyeso basi.

A Zuze anabwera kwathu ndi chingwe, nkhope ili mwee. Anayeza mwadiya wa agogo m'litali n'kumanga mfundo. Anayeza m'lifupi, kenako anatambasula mkono wawo kuchokera pachigongono mpaka kunsonga ya chala, n'kuwonjezera pamenepo asanamange mfundo yachiwiri.

"Nanga mkonowo ngwa chiyani?" anafunsa agogo.

"Ngwa inu, achimwene. Mawondo anuwo akhala opinda zaka zonsezi. Muzikhala ngati bwana m'galimoto."

"Kutsogolo kapena kumbuyo?"

A Zuze anaseka. "Aa, pyenepi tidzaona. Mukuti bwanji, muyesowu uli bwino?"

Agogo anayang'ana chingwe chija nthawi yaitali. "Penu," anatero, mawu akwathu otanthauza kaya. "Boti ndi lanu."

A Zuze atachoka, agogo analavula pansi. Anauza amayi, ine ndikumva, kuti chinthu chimenecho sichidzalowa m'dambo. Kumene kuli nsomba zambiri, mlamba ndi makakana, umadutsa m'tinjira ta mvuu pakati pa bango ndi gumbwa, ndipo tinjirato timangokwana mwadiya, mabango akukupala mapewa uku ndi uku.

"Ndiye bwanji simunawauze, bambo?" anatero amayi.

"Wabwera kudzafunsa ine? Wabwera kudzafunsa chingwe." Kenako anati, "Ana a anzathu amatumiza maboti."

Nanenso nkhaniyo ndinaisunga, ndipo ndisaname, inkanditsekemera. Malita, mdzukulu wa a Zuze, tinali kalasi imodzi, ndipo miyezi iwiri yonse anatitopetsa. Boti lawo lidzakhala ndi mipando itatu. Boti lawo silidzafuna kukapa madzi. Boti lawo ndidzakwera ndikasamba mapazi. Ine ndinkangoti, "Eya, tidzaona," mumtima ndikuvina.

Linabwera pa lole masana dzuwa lili pamutu, ndipo linkawala moti sunkatha kuliyang'ana osatsinzina. Amuna awiri okha analinyamula kupita nalo kumadzi, pamene mwadiya wathu unkafuna asanu ndi mmodzi, akubuula. Azimayi analulutira. Malita anakhala pampando wapakati atapinda miyendo ngati mkwatibwi. Ndinkalifuna boti lija, ndinkafuna likhale lathu, ndipo poti silinali lathu ndinkafuna limire pomwepo.

Agogo anafika mochedwa, analigogoda ndi chala, n'kumvetsera kulira kwake. "Beseni labwino," anatero. "Ana onse a m'mudzi muno asambiramo kamodzi." Anthu anaseka, a Zuze nawonso anaseka.

M'mawa mwake a Zuze anadzaima pampanda. "Achimwene, tiyeni tikaliyese."

"Msana," anayankha agogo ali m'nyumba. Koma a Zuze atangopita ndi mlamu wawo, msana uja unapola. Anatenga nkhafi, n'kundiuza kuti ndikwere tikakumbe nyika, timizu todyedwa ta m'dambo, zinthu zimene sanandiuzepo chibadwire. Ankafuna mboni.

Pamtsinje boti linkathamanga ngati likuuluka. Titafika pakamwa pa kanjira kolowera kumiono yawo, tinalipeza litakakamira pakati pa mabango, osapita kutsogolo, osabwerera. Nkhafi ikagunda m'mbali linkalira ngwee, ngati belu la kusukulu, abakha onse n'kudzuka kuthawira kutali. Mlamu uja anali m'madzi mpaka m'chiuno akudula bango ndi chikwanje. Dzuwa la kwathu mukulidziwa: chitsulo chinali chitatentha, a Zuze akusinthanitsa mapazi ngati aponda makala, thukuta lili chuchuchu.

Agogo anaimitsa mwadiya pambali. Ine ndinayembekeza kuti ndiseka, koma kuseka sikunabwere.

A Zuze anawayang'ana, n'kuyang'ana m'lifupi mwa boti lawo, n'kuyang'ana m'lifupi mwa mwadiya. "Achimwene," anatero pang'onopang'ono, "munkadziwa?"

"Tinjirati sindinatseme ndine. Inunso mwadutsamo zaka zonsezi."

"Ine ndimakhala kutsogolo, maso ali pamiono. Wowongolera ndinu. Ndinakufunsani, munati penu." Anapukuta nkhope ndi malaya. "Mkono uja ndinawonjezerera inu."

Agogo anatembenuza bwato. Nyika sitinakumbe tsiku limenelo.

Iwo ankaganiza kuti mnzawo achita manyazi sabata imodzi kenako abwerera pamalo pake. M'mawa uliwonse ankachedwa dala padooko, akumanga ndi kumasula chingwe, kutsogolo kwa mwadiya kuli pululu. A Zuze ankadutsa, kupereka moni wa ulemu wonse, "Mwadzuka bwanji a Alufandika," osatinso achimwene, n'kupita ku boti lawo. Anasiya zowedza, n'kuyamba kuwolotsa anthu pa Shire. Poti linali lotakata, munkalowa njinga, matumba opita kuchigayo, mbuzi, amayi apakati. Pasanathe zaka ziwiri nyumba yawo inafoleredwa malata, ndipo patapita nthawi Malita anapita kusekondale pamene ine ndinalekezera sitandade seveni.

Agogo anawedza okha mpaka mphamvu zitatha. Munthu mmodzi sangawongolere bwato n'kumavuulanso miono, choncho nsomba zinachepa. Chimene chinkandipweteka n'chakuti pofika padooko ankagawabe, mulu wawo ndi mulu wa bwato, timilu tiwiri tochepa, n'kuima kanthawi asanatiphatikize. Anamwalira osakwerapo boti lija, ndipo sindinawamvepo akupepesa.

Lero ndili ndi ana awiri, ndipo popita kusikelo ndimakwera boti lomwelo. Lachita zigamba, silikuwalanso, akuyendetsa ndi adzukulu a a Zuze. Ndikakhala pampando wapakati maso anga amafufuzabe pamene pakudontha, ndipo ndikapapeza kamtima kamati phee. Nsanje ya kwathu ndinayamwa, sindingakane.

Chaka chatha mnzanga woyandikana naye nyumba anayamba kumanga ya njerwa zowotcha, ine ndikadali m'ya udzu. Anandiitana kuti ndione pamene akumba maziko. Panali pamalo potsika, pamene madzi a mtsinje wa Ruo amayamba kufika akasefukira, ndipo iye ndi mtengwa wochokera kumtunda, sakanadziwa. Anandifunsa kuti, "Asisi, pali bwino apa?"

Mawu akuti penu anafika mpaka pamilomo. Ndinawameza, akuwawa ngati ndulu ya mlamba, n'kumuuza kuti asunthire kuchulu. Nyumbayo yatha tsopano, ndi yokongola, ndipo m'mawa uliwonse ndikamasesa pabwalo ndimaipatsa msana.