Fainess wa ku Golomoti, Msungachinsinsi wa Odwala

Inu amene mwatopa ndi kulozedwa zala, tamvani za Fainess wa ku Golomoti.

Mu 2016 Fainess anasiya kutuluka m'nyumba. Zotsatira za magazi ake zinali pakamwa pa aliyense. Kalaliki wa kachipatala kena analephera kusamutsa fayilo ya odwala kuchoka mu foni kupita pa kompyuta ya mu ofesi, poti ziwirizo sizinkagwirizana. Ndiye anapita ndi foniyo ku sitolo ya fotokope kuti akamusindikizire. Fayilo ija inatsala pa kompyuta ya pasitolopo, mayina onse poyera.

Sabata isanathe, mwamuna wake anali atalongedza zake. Mandasi amene Fainess ankagulitsa pa siteji ya minibasi, anthu ankangowadutsa.

Anathawira ku Mtakataka kwa mayi ake aang'ono, n'kupeza ganyu yosesa pa kasukulu kophunzitsa kompyuta. Iye sukulu analekezera Folomu 2. Ankasesa mochedwa dala, khutu lili kwa mphunzitsi, a Bizeki.

Tsiku lina analimba mtima. "Aphunzitsi, kodi fayilo ingatsekedwe kuti wongoitola asaiwerenge?"

A Bizeki anamuyang'ana. "Ingatsekedwe, mayi. Ikani tsachelo, khalani apa."

Mayeso oyamba analephera. Achiwiri analepheranso, anzake a m'kalasi akuseka mmene ankatayipira ndi chala chimodzi. Sanaleke. Anadziwa kuti foni ya Android, kompyuta ya Windows ndi laputopu ya Linux, chilichonse chili ndi machitidwe ake, koma zikhoza kupatsirana mafayilo. Anaphunzira kutseka fayilo ndi pasiwedi isananyamuke, kupereka pasiwediyo kudzera njira ina, komanso kulumikiza zipangizo mwachindunji kuti fayilo isadutse m'manja mwa munthu wina. Kachitatu anakhoza.

Patapita zaka zitatu, bungwe lina linagawa matabuleti, timakompyuta ta m'manja, kwa alangizi a zaumoyo a m'midzi yozungulira Mua, ndipo linkafuna wowaphunzitsa. Anabwera anthu asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo Fainess. Asanu anali ndi madipuloma.

Mkulu wa ntchitoyo, mayi Fagness, anaika tabuleti ndi laputopu patebulo. "Aliyense atumize fayilo iyi kuchoka uku kupita uku."

Anzake anaponya fayiloyo pa macheza a pa intaneti, mphindi imodzi basi. Fainess anatenga mphindi zisanu.

"Mwachedweranji, mayi?"

"Ndimaitseka kaye. Muli mayina a anthu umu, amayi. Langa linakhalapo mu fayilo ngati iyi."

Mayi Fagness anayesa kuitsegula, inakana. Anapempha pasiwedi, Fainess n'kuwanong'oneza. Mayiwo anaimirira n'kumugwira chanza ndi manja awiri.

Lero Fainess amayenda pa njinga yamoto kuchokera ku Mua mpaka midzi ya m'mbali mwa msewu wa M5. Alangizi oposa makumi anayi adutsa m'manja mwake. Madokotala ochokera ku Lilongwe zikawavuta amafunsa kuti, "Kodi a Fainess ali kuti?" Mankhwala ake amamwa mwandondomeko, thanzi lili bwino, ndipo mwana wake wamkazi ali ku sekondale.

Abale anga, chimene chakugwetsani chisakutsekereni m'nyumba. Funsani, phunzirani, mukalephera bwereraninso. Mtima wokhawo musautaye ayi.