Zaka Ziwiri Zimene Tinamuwonjezera

Mlongo wanga wamwamuna anayamba sukulu ali ndi zaka zinayi, ndipo amene anamuphunzitsa kunama ndine.

Tinkakhala kumalaini a esiteti ya tiyi, m'nyumba ya zipinda ziwiri yoyang'ana ku fakitale. Bambo anali atamwalira. Mayi ankathyola tiyi, ndipo nyengo ya mvula, tiyi akaphuka, ankachoka m'mamawa dengu lili kumsana n'kubwera dzuwa litapendeka. Makanda ankasiyidwa pamthunzi kwa mayi wina wolera ana a othyola, koma mwana wa zaka zinayi, wosakhazikika ngati mlongo wangayu, analibe pomusiya. Tsiku lina kapitawo anamupeza m'mphepete mwa damu la esiteti akuponyamo miyala, phazi limodzi lili kale m'madzi. Mayi atamva sanamumenye. Anangotembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Mawa upita naye kusukulu. Ukanene kuti ali ndi sikisi."

Masiku amenewo aphunzitsi sankafunsa pepala. Mwana ankauzidwa kudutsitsa mkono pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Khutu likagwirika, ndiye kuti wakwana. Ine ndinali mu Sitandade 4, ndikudziona wochenjera kuposa malaini onse. Njira yonse ndinkamuphunzitsa: upendeketse mutu pang'ono, ukweze phewa, usaseke. Anagwira khutulo ndi nsonga ya chala. Aphunzitsi anatiyang'ana tonse awiri. Anadziwa, komanso ankadziwa kumene mayi athu anali nthawi imeneyo. M'kaundula analemba chaka chobadwa chomuwonjezera zaka ziwiri. Ana ambiri a kumalaini analowa sukulu chimodzimodzi, ndipo palibe ankalitcha bodza.

M'kalasi sanali wanzeru kwenikweni, zimenezo ndisabise. Nzeru zake zinali kuphazi lamanzere. Anayamba ndi mpira wa mapepala kuseri kwa malaini, kenako timu ya esiteti, kenako timu ina ya mumzinda inamutenga. Atamuitana ku timu ya dziko ya achinyamata anafunika pasipoti, ndipo mayi anatulutsa khadi lake la kusikelo, limene ankalisunga m'pepala la shuga pansi pa sutikesi. Pasipotiyo inalembedwa tsiku lenileni limene anabadwa. Za kaundula wa kusukulu palibe anaziganizira.

Wina anaziganizira. Mpaka lero sindidziwa kuti anali ndani, koma anajambula tsamba la kaundulayo n'kulipereka kwa atolankhani. Nyuzipepala zinalemba kuti mnyamata wa ku Thyolo wadzichotsera zaka ziwiri kuti alowe m'timu ya achinyamata. Pawailesi anthu ankaimba foni n'kumamutchula kuti agogo. Anamuimitsa kusewera kufikira nkhani itafufuzidwa. Patapita miyezi, akuluakulu a mpira anaona khadi la kusikelo, anatuma munthu kukaona buku la kuchipatala cha esiteti, n'kumulembera kalata ya tsamba limodzi yonena kuti alibe mlandu. Kalatayo anailandira yekha. Palibe nyuzipepala imene inalemba za kalatayo, ndipo ife, mwa kupusa kwathu, tinangoti zatha, tithokoze Mulungu.

Papita zaka tsopano. Ine ndine mphunzitsi pasukulu yomwe ija, ndipo kaundula wa Sitandade 1 ndimalemba ndine. Chaka chatha, nyengo ya chiperoni, mlongo wanga anandiimbira foni ndili pabuleki. Timu ina yakunja inkamufuna. Kwa wosewera wa msinkhu wake, mwayi wotere subweranso kachiwiri. Koma mawu ake anali ozizira.

"Asisi, ejenti wanga akuti anthu a timu ija awerenga za ine pa intaneti. Akuti sakufuna munthu wa mapepala okayikitsa. Andipatsa masabata awiri kuti ndikonze."

"Siunawatumizire kalata ija?"

"Ndatumiza. Akuti kalata aliyense atha kulemba. Iwo akufuna zisinthe pamene anawerengapo."

Pamene anawerengapo panali pa insaikulopediya ya pa intaneti, buku lalikulu lija lofotokoza za anthu ndi zinthu, limene amati aliyense atha kulembamo. Nditaweruka ndinakwera kumtunda, pafupi ndi thanki ya madzi ya fakitale, kumene netiweki imagwira bwino. Ndinalemba dzina lake, ndipo tsamba lake linabwera loyamba. Za kumene anabadwira, mizere iwiri. Za matimu onse amene wasewera, mizere inayi. Kenako mutu wakuda bii wa nkhani ya zaka, ndi ndime yaitali kuposa zonsezo, chiganizo chilichonse chili ndi kanambala kosonyeza nyuzipepala imene anachitenga. Ndimeyo inathera pa tsiku limene anamuimitsa. Za kalata munalibe.

Mtima unandiwawa, koma ndinasekanso. Ndinati, aliyense atha kulembamo eti? Ndiye ine ndine aliyenseyo. Ndinafufuta ndime yonseyo n'kulemba zoona zake m'Chingerezi changa chabwino cha m'kalasi. Ndinatsika kumtundako ndikuyenda ngati munthu wopambana mlandu. Ndisanafike n'kunyumba komwe, ndime ija inali itabwerera, yonse, ndi timanambala take.

Mawa lake ndinafufutanso, inabwereranso. Tsiku lachitatu ndinapeza uthenga wochokera kwa mmodzi wa anthu osamalira bukulo. Dzina lake lenileni silinalipo, dziko lake silinalipo, sindidziwa ngakhale ngati anali mwamuna kapena mkazi. Ndikanakonda akanakhala wamwano kuti ndimutukwane bwino, koma anali waulemu. Anati akumvetsa kuti nkhaniyi ndi yopweteka. Anati m'bukumo amalemba zokhazo zimene zinasindikizidwa kale ndi nyuzipepala kapena mabuku odalirika. Anafunsanso ngati ndili pachibale ndi wosewerayo.

Ndinayankha kuti ndine mchemwali wake, ndinalipo tsiku limene anabadwa, ndine ndinamupendeketsa mutu. Ndinajambula kalata ija n'kuitumiza. Ndinkaganiza kuti umboni woposa pamenepo kulibe. Anandiyankha kuti popeza ndine m'bale, ndisamasinthe tsambalo ndekha, ndizingopempha. Anati kalata ya m'thumba mwa munthu iwo alibe njira yoitsimikizira. Nyuzipepala ikalemba, adzasintha tsiku lomwelo.

Ndinakhala pansi pa thankiyo mpaka mawawa a chiperoni ananyowetsa galasi la foni. Chimene chinandikwiyitsa kwambiri n'chakuti ndinkamumvetsa. Akanalola mchemwali aliyense kufufuta, ndiye kuti ngakhale osewera ogulitsa magemu ndi omenya akazi awo akanayeretsedwa ndi azichemwali awo. Zimenezo ndikudziwa. Koma lamulo lawo limayenda bwino kumene nyuzipepala zimabwereranso kukaona mmene nkhani inathera. Kwathu kuno mtolankhani amabwera pa tsiku la moto, tsiku lofolera denga sabwera. Ndinamulembera wosamalira buku uja kuti munthu amene mukumulembayu sanafe, akufunabe ntchito, ali ndi mkazi ndi mwana. Ngati simukudziwa mmene mlandu unathera, bwanji osalemba kuti simukudziwa? Nanga n'chifukwa chiyani miyezi yochepa ya mlandu ili yaitali kuposa zaka zonse za mpira wake?

Pamenepo anandimverako pang'ono. Anachotsa mutu wakuda uja, anafupikitsa ndime, ndipo pamene panalembedwa kuti anadzichotsera zaka anasintha kuti anamuganizira kuti anadzichotsera zaka. Ndinamuimbira mlongo wanga ndili ndi kachimwemwe. Iye anangoti, "Asisi, kumuganizira munthu ndi kumunena, kwa wolemba ntchito n'chimodzimodzi."

Sabata yoyamba inatha choncho. Lolemba ndinapempha tchuthi kwa ahedi, ndinakwera minibasi, kudutsa pa Bvumbwe mpaka mumzinda, kalata ili mu envulopu. Ku nyuzipepala ina mwa zimene zinalemba nkhani ija ndinadikira pabenchi mpaka masana. Kunatuluka mtolankhani wa zamasewero, wachinyamata, waulemu nayenso. Anawerenga kalatayo ataimirira.

"Madamu, nkhani iyi ndi yakale kwambiri. Ine nthawi imeneyo ndinali ndisanayambe ntchito. Abwana sangailole."

"Koma munalemba inu nomwe kuti ananama."

"Zoona, koma nkhani imafuna chatsopano. Akasainidwa kunjako mutiuze, imeneyo ndiye nkhani. Za kalatazi tidzaziika mmenemo."

Ndinamuuza kuti sangasainidwe popanda iwo kulemba. Anatambasula manja. M'minibasi pobwerera ndinalira, mayi wina wogulitsa tomato n'kundifunsa ngati kwagwa zovuta.

Mayi athu anasiya kuthyola tiyi msana utakana, ndipo amakhala kumudzi kwa Khwethemule pa kamunda kamene anasiyiridwa ndi achimwene awo. Sindinkafuna kuti amve, koma mkazi wa mlongo wanga anali atawauza kale. Loweruka nditafika ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Sanadikire kuti ndikhale bwinobwino.

"Tandiwerengera zimene alembazo."

Mayi sadziwa kuwerenga. Ndinamasulira mzere ndi mzere, iwo mpeni uli m'manja, osasendanso. Nditamaliza analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pepala la shuga lija. Khadi la kusikelo linali litafiira, mopinda mwake mutang'ambika, koma tsiku likuoneka bwinobwino.

"Wolembayo amakhala kuti? Tipite tikamuonetse."

"Sindikudziwa, mayi. Mwina kunja."

"Alibe ofesi? Alibe bwana?"

"Alibe. Amangothandiza mwa kufuna kwake."

Anang'ung'udza m'Chilomwe, monga amachitira zinthu zikawapitirira. Kenako anati, "Ndiye umulembere kuti ananama ndine. Mwana wa zaka folo bodza akanalidziwira kuti? Ndinkaopa damu lija. Alembe dzina langa pamenepo, achotse la mwana wanga. Ine ntchito sindikuifunanso."

Ndinalemba mawu awo onse mmene anawanenera, pomwepo pakhonde, foni nditaikweza m'mwamba kusaka netiweki. Yankho linabwera Lolemba. Munthu uja anati mawu a mayi amukhudza mtima. Koma anati sangalembe dzina la munthu wamba, wamoyo, n'kumunena kuti ananama, popanda nyuzipepala kapena buku lotsimikizira. Anati lamulo limeneli linaikidwa kuti liteteze anthu ngati mayi anga.

Ndinawerenga katatu. Masabata awiri aja anakwana, ndipo timu ija inatenga wosewera wina.

Ligi itatha, mlongo wanga anabwera ku Thyolo ndi banja lake, ndipo sanabwererenso mumzinda. Panopa amayendetsa thirakitala yotuta tiyi kuchokera m'minda kupita ku fakitale. Lamlungu masana amasewera m'timu ya esiteti, ndipo phazi lamanzere lija likadalipo. Sanandinenepo chilichonse za khutu lija. Ndikanakonda akanandikalipira kamodzi.

Ine chaka chikamayamba ndimakhala patebulo ndi kaundula. Masiku ano timafunsa mapepala, koma amayi othyola tiyi amabwerabe ndi ana oonekeratu kuti sanakwane, khadi akuti linanyowa ndi mvula. Ndimawabweza. Amachoka akundinena kuti ndine wouma mtima, ndipo ndimadziwa kuti damu lija likadali pomwe paja. Kubweza n'kolakwika, kulemba n'kolakwika, ndiye ndimangosankha cholakwa chimene sindinachichitepo.

Pa Khirisimasi tinakumana tonse kwa mayi. Titadya, tili pamkeka pansi pa mtengo wa mapeyala, mayi anandikoka chitenje.

"Iwe, anthu aja anayankha? Alemba kuti ndine?"

Mlongo wanga anasiya kusewera ndi mwana wake n'kundiyang'ana. Tsambalo amalidziwa pamtima, amalitsegula kawirikawiri ngakhale amakana.

"Alemba, mayi," ndinatero.

"Dzina la mwana wanga achotsa?"

"Achotsa."

Anapuma mpweya wautali, anaomba m'manja kamodzi, n'kunena kuti tsopano atha kufa bwino. Anadzuka movutikira kukabwezera khadi lija pansi pa sutikesi, poti ntchito yake inali itatha. Mlongo wanga anaweramitsa mutu, ndipo sananditsutse.